Kodi ndi nkhwali yomwe ndinaona ku Likhubula?

Funso: Akonzi, ndikutola nkhuni cha ku Likhubula, m'mphepete mwa nkhalango, ndinaona mbalame ziwiri zonga nkhwali zikupalasa pansi pa miyala. Miyendo yofiira, koma pakhosi panalibe kufiira kuja kwa nkhwali za kumunda. Ina inali ndi mawanga akuda pachifuwa choyera, inzake pachifuwa pofiirira ngati dothi la katondo. Kodi ndi mitundu iwiri? Mayi wa ku Likhubula, Mulanje

Yankho: Mayi, maso anu ndi akuthwa. Ndi nkhwali ndithu, ndipo ndi mtundu umodzi: tambala ndi thadzi lake. Wa mawanga akuda pachifuwa ndiye tambala. Wofiirirayo ndi thadzi. M'mabuku a mbalame imalembedwa kuti Hildebrandt's spurfowl, ndipo imakonda mapiri a miyala ndi zitsamba zowirira, n'chifukwa chake munaipeza pamenepo osati m'munda wa chimanga.

Chizindikiro chachikulu mwachitchula kale. Nkhwali yomwe ambirife tinazolowera kumva ikulira m'mamawa kumadimba ili ndi khosi lopanda nthenga, lofiira piriwiri, ndipo tambala ndi thadzi amafanana. Iyi ya kuphiri khosi lake n'lokutidwa ndi nthenga. Ikadzidzimuka imathamangira m'zitsamba, kuuluka ndi mwa apo ndi apo.

Anyamata a malegeni ndi misampha awuzeni kuti Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo kusaka m'menemo popanda chilolezo ndi mlandu.