Kwa amayi a ku Lizulu: mwana wanu, njinga yake, ndi sitima zapansi panthaka za ku London

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Lizulu, yomwe akuti anawalembera ndi mdzukulu wawo pa foni. Ndaidula pang'ono, koma mawu ndi awo:

"Mwana wanga wamkazi amayendera njinga ya olumala kuyambira ali wamng'ono. Wapeza mwayi wa sukulu ku London. Mlongo wake anandionetsa vidiyo ya sitima za kumeneko zoyenda pansi panthaka, anthu atathithikana kuposa minibasi ya tsiku la msika. Kuno timachita kumunyamula pokwera galimoto. Nanga kumeneko akamunyamula ndani? Amalume ake akuti asapite. Inu munakhalako, tiuzeni zoona."

Amayi, landirani moni wa kuno ku boma la Ntcheu, ndipo mtsikanayo mumuuze kuti watinyaditsa. Apite. Koma mwafunsa zoona, ndiye ndikuuzani zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, monga munthu amene ndinapalasa njinga yanga mumzindawo chaka chathunthu.

Kumeneko sakamunyamula munthu. Musadzidzimuke, chifukwa mmenemo ndi mmene muli nkhani yonse. Kuno mukudziwa mmene timakwerera: kondakitala kukhwapa, woitanira kumiyendo, chitenje chikumasuka, anthu a pa siteji maso onse pa iwe, njinga aipinda n'kuiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a kachewere, kenako akuti ulipirenso ya katundu. Umathokoza, inde, poti wakwera. Koma wakwera ngati thumba. Ku London ogwira ntchito pa siteshoni sanyamula munthu pa masitepe. Ngati siteshoniyo inakonzedwa, mwana wanu akalowa yekha osagwidwa ndi aliyense. Ngati sinakonzedwe, sakalowa, ngakhale atakhala ndi alongo asanu. Choncho chinthu choyenera kuopa si kudzaza kwa anthu munaona m'vidiyomo. Ndi masitepe.

Sitima zimenezi, zomwe eni ake amangoti Tube, ndi zakalekale. Njanji yoyamba inatsegulidwa mu 1863, patangopita zaka zinayi David Livingstone atafika pa nyanja yathu. Okumba mauna amenewo sankaganiza n'komwe za munthu wa pa njinga. Lero masiteshoni alipo 272, ndipo amene munthu angafike poimira sitima popanda sitepe ndi opitirira pang'ono 90, ndiye kuti imodzi mwa masiteshoni atatu alionse. Enawo, kwa ife, ali ngati kulibe. Masitepe oyenda okha aja salola munthu kukwerapo ali pa njinga. Ndipo kumva kuti siteshoni ili ndi chikepe sikokwanira. Pa Covent Garden zikepe zilipo, zopulumutsa anthu ku masitepe 193, koma ukatuluka m'chikepemo pamatsalabe masitepe ena kuti ufike pa pulatifomu. Oyenda ndi miyendo saawerenga n'komwe. Kwa ife ulendo wathera pomwepo.

Ndiye chinthu choyamba kuphunzira ndi mapu. Bungwe loyendetsa zamaulendo mumzindawo, Transport for London, limaika kachizindikiro ka munthu wa pa njinga pa masiteshoni okonzedwa, ndipo kali mitundu iwiri. Kabuluu kakutanthauza kuti palibe sitepe kuchokera pamsewu mpaka m'kati mwa sitima. Koyera kakutanthauza kuti ufika pa pulatifomu, koma kuti ulowe m'sitima pali kokwera kapena mpata, ndiye pakufunika wantchito abwere ndi rampu, chitsulo chopindika chija amachiyala ngati kamlatho. Ine sabata yoyamba ndinkangoona kuti ndi kamunthu ka pa njinga basi, osasamala mtundu. Ndinaphunzira mowawa.

Mpata umenewu ndiufotokoze bwino, chifukwa ndi umene mawu a "Mind the gap" (samalani mpata), amene amalengezedwa m'masiteshonimo, amanena. Sitima ndi yowongoka, pomwe mapulatifomu ena akale ndi okhota, ndiye pakati pake pamatsala dzenje. Njinga zathuzi zili ndi timatayala tiwiri takutsogolo, tating'ono ngati chivindikiro cha botolo la jamu. Tsiku lina ndikutsika, kamodzi kanalowa m'mpatamo n'kutembenuka chammbali. Njinga inaima nji, thupi langa linapitirira kutsogolo, chikwama chinali pamiyendo chinagwera pa pulatifomu, uku zitseko zayamba kulira kuti zikutsekeka. Bambo wina wovala jekete ya penti anaponda pakhomo, n'kukweza kutsogolo kwa njinga ndi dzanja limodzi, osanena kanthu, n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo ndinkatukula timatayalato m'mwamba podutsa mpata, kapena kutuluka chafutambuyo kuti matayala aakulu atsogole. Mwana wanu ngati sanazolowere kuimika njinga pa matayala akumbuyo okha, ayambe kuyeserera pa khonde panopa, mlongo wake ataima kumbuyo.

Nkhani yabwino ndi yakuti njanji zatsopano anazimanga ndi nzeru zina. Ya Elizabeth line, yomwe inatsegulidwa mu 2022, masiteshoni ake onse 41 ali ndi njira yopanda masitepe kufika pa pulatifomu, ndipo m'katikati mwa mzinda komanso pa bwalo la ndege la Heathrow umangolowa m'sitima ngati ukulowa m'chipinda. Ndiye akatsika ndege, ayambire imeneyo. Gawo la Jubilee line lochokera pa Westminster kufika ku Stratford, lotsegulidwa mu 1999, nalonso ndi labwino. Sitima zing'onozing'ono za DLR zakum'mawa kwa mzinda zonse n'zotheka. Pa Victoria line anakweza mbali ina ya pulatifomu kuti ilingane ndi khomo la sitima, ndiye umayenera kudikira pamalo okwezedwawo, osati pena paliponse. Ndipo sikofunika kupangana nawo dzulo lake. Umangofika pa geti yotakata ija, n'kuuza wantchito kumene ukupita, iye amakuperekeza, n'kuimbira mnzake wa kumene ukatsikire kuti akakudikire ndi rampu.

Tsopano za kudzaza. Vidiyo munaonayo sinaname. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, m'mawa mpaka cha m'ma 9:30 ndi madzulo kuyambira 4 mpaka 7 koloko, mumakhala mothina zedi, ndipo nthawi zomwezo ndi zimene mtengo umakwera. Ukakhala pa njinga suona nkhope za anthu, umaona zikwama zakumsana ndi malamba a mathalauza, kotentha, wina chigongono pa khutu lako. Sitima zambiri zili ndi malo a njinga, koma umapeza aimamo anthu, maso ali pa foni. Si nkhanza ayi, sanakuone. Apa ndi pamene ulemu wathu wachiNgoni umatigwetsa. Ine ndinkanong'ona kapepani kanga ngati ndikuodira pakhomo pa apongozi, sitima n'kundisiya. Ndinadzaona mayi wina wa pa njinga akulankhula mokweza, mosakwiya, kuti akufuna malo akewo, anthu n'kupatuka ngati madzi. Mwana wanu akatulutse mawu. Akalowa, amange mabuleki onse awiri, chifukwa sitimazo zimanyamuka mwankhaza.

Ndipo ikadzaza kwambiri, aisiye ipite. Kuno minibasi ikakusiya pa Tsangano turn-off umayamba kuwerenga maola. Kumeneko nthawi yotanganidwa ina imatulukira pasanathe mphindi zitatu.

Chimene chinandiliza ine si anthu, ndi chikepe. Usiku wina wa mu Disembala, kukuzizira koposa Juni wa ku Dedza, ndinatsika pa siteshoni yomwe ndinkatsikira masiku onse, ndikupeza pa chitseko cha chikepe apachika kapepala koti chawonongeka. Kunyumba kunali pamwamba pomwepo, mtunda wosakwana kuchoka pa msika wa Ntcheu kufika pa depoti. Anthu onse anakwera masitepe, ndinatsala ndekha pa pulatifomu ndi timbewa tomwe timathamanga m'njanjimo. Ndinadina batani la pofunsira thandizo, ndinakweranso sitima ina, kukatsika masiteshoni awiri kutsogolo, n'kubwerera pa basi. Ola lathunthu. Chikepe chimodzi chikafa, siteshoni yonse yafa.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kafunsidwe. Ndisanachoke pakhomo sindinkafunsa kuti ndikakwera bwanji, ndinkafunsa kuti ndikatuluka bwanji. Ulendo ndinkauwerenga chobwerera: potulukira, posinthira sitima, kenako polowera. Pa foni pali apu yawo ya TfL Go yomwe imasankha njira zopanda masitepe n'kuonetsanso zikepe zomwe zaima. Aziyang'ana asananyamuke, ayang'anenso asanalowe pansi. Adziwenso ichi, poti ine ndinachidziwa mochedwa: chikepe chikafa, antchito amayenera kumupezera njira ina, ndipo ikasowa njira yoyenera amamuitanira takisi pa ndalama zawo. Si chifundo, ndi lamulo lawo. Akafunse osachita manyazi.

Kunena chilungamo, masiku ambiri ndinkangokwera basi. Mabasi ofiira onse a mumzindawo ali ndi rampu, ambiri yotuluka yokha pa khomo lapakati, ndipo wa pa njinga salipira. Ndi ochedwa, koma uli pamwamba, ukuona kumene ukupita. Vuto lake malo a njinga ndi amodzi, ndipo amayi a tingolo ta ana amawakondanso. Nkhani imeneyi inafika mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo. Bambo wina wa pa njinga, Doug Paulley, analephera kukwera basi mu 2012 chifukwa mayi wa kangolo anakana kusuntha, ndipo mu 2017 khotilo linagamula kuti dalaivala asamangopempha kamodzi n'kusiya. Matakisi akuda aja nawo onse amalowa njinga, kungoti mtengo wake ndi wa tsiku la mavuto.

Musaganize kuti ndi kumwamba. Mu Ogasiti 2024 Tanni Grey-Thompson, mayi amene anapata mamendulo agolide 11 pa mipikisano ya masewera a anthu aulumali ya Paralympics ndipo amakhala m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, anachita kukwawa potsika sitima ya mtunda wautali pa King's Cross chifukwa womuthandiza sanabwere. Ngati zinachitikira ameneyo, mwana wa ku Lizulu zikamuchitikiranso tsiku lina. Komabe London ili bwino poyerekeza ndi ena. Ku Paris njanji yapansi panthaka imodzi yokha, ya nambala 14, ndi imene ili yotheka yonse. Ku New York anagwirizana mu 2022, atasumiridwa, kuti masiteshoni 95 mwa 100 alionse adzakhale atakonzedwa pofika 2055. Abale athu a ku Joni amadziwa sitima ya Gautrain, yomwe inayamba mu 2010: pa siteshoni ya Sandton umatsikira pansi penipeni pa chikepe n'kulowa m'sitima mosavuta, chifukwa anaiganizira asanakumbe.

Amalumewo musawakalipire, akuopa chifukwa amamukonda. Koma muwafunse kuti mwanayu wakhala akuyenda bwanji zaka zonsezi. Wadutsa m'matope a Lizulu mwezi wa Febuluwale, walowa m'maofesi a masitepe okhaokha, wakwezedwa pa kabaza njinga yake itamangidwa pa kabaza ina. Tili ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, akhala akufuula, koma minibasi yokhala ndi rampu ine sindinaikwerepo pa M1. Pa ulendo wonsewu, chigawo chimene akanyamulidwe ngati katundu ndi chochoka pa Lizulu kukafika ku bwalo la ndege ku Lumbadzi.

Chotsala ndi njinga yeniyeniyo, ndipo apa mundimvetsetse. Ngati amayendera ya matayala atatu yopalasa ndi manja ija, imeneyo itsale, ndi yaitali, singakhote m'chikepe. Muyeso umene mabasi a kumeneko amatsatira ndi masentimita 70 m'lifupi ndi 120 m'litali. Pa ndege njinga imapita kokhala katundu, ndiye khushoni yokhalira aichotse akwere nayo m'manja, asaiwale machubu awiri apadera ndi sipanala. Alemberenso ofesi yoona za ophunzira aulumali pa sukulu yakeyo panopa, asanamupatse chipinda, kuti akufuna malo ogona oyandikira siteshoni ya kachizindikiro kabuluu kapena basi imodzi yofika pa sukulu.

Mawa mubwereke tepi kwa atelala a pamsikapo, muyeze njingayo kuchokera kunja kwa tayala ili kufika kunja kwa linzake, ndi kuchokera popondera mapazi kufika kumbuyo. Manambalawo munditumizire pamodzi ndi dzina la dera kumene kuli sukuluyo, ndimuwerengere njira yake yoyamba kuchokera pa Heathrow.