Helikopita yabwinobwino ingawombe bwanji phiri? Yankho kwa achimwene a imelo ija

Achimwene ena andilembera imelo ndipo funso lawo landikhala pakhosi. Akuti helikopita si imatha kuima malo amodzi m'mwamba, si imatera paliponse ngakhale pa bwalo la mpira, nanga zimatheka bwanji kuti ikawombe phiri injini ili bwinobwino ngati palibe amene waichita chipongwe? Atchula ya Kobe Bryant, katswiri wa basketball wa ku Amereka, ndi ya pulezidenti wa ku Iran uja.

Achimwene, funso lanu ndi labwino koma chakumapetoko ndiye chandipweteka mutu. Osati inuyo ayi. Kungoti ife tinazolowera zoti munthu wotchuka sangafe ndi nkhungu, amayenera kuchita kuphedwa basi, ndiye tikamva kuti ndege yagwa timathamangira kufunsa kuti wachita ndani tisanafunse nkomwe kuti kunja kunacha bwanji tsikulo.

Tiyambe ndi ya Kobe chifukwa iyoyo anaifufuza mpaka pansi. Pa 26 January 2020 m'mawa, helikopita ya mtundu wa Sikorsky S-76B inanyamuka pa John Wayne Airport ku California kulowera ku Camarillo, mkati muli anthu 9 kuphatikizapo mwana wake Gianna wa zaka 13, akupita ku mpira wa basketball wa ana. Kunali nkhungu moti apolisi a ku Los Angeles anali ataimika kaye mahelikopita awo. Payiloti wake Ara Zobayan sanali wophunzira kumene, anali ndi maola oposa 8,000. Ankauluka motsika kutsata msewu waukulu, pansi pa mitambo, ndipo atafika ku mapiri a Calabasas msewu unayamba kukwera, mitambo siinasunthe, mpata pakati pa phiri ndi mtambo unangotha. Mkulu uja anaganiza zoboola mtambo kuti atulukire pamwamba. Anauza a pa redio kuti akukwera kupita pa mafiti 4,000, koma nthawi yomwe amalankhulayo helikopita inali itapendekera kumanzere ikutsika ndi liwiro loopsa. Sankanama. Thupi lake linkamuuzadi kuti akukwera. A NTSB, bungwe lofufuza ngozi za ndege ku Amereka, atamaliza kafukufuku mu 2021 sanapeze kuti injini inafa, anapeza kuti payiloti analowa mumtambo pa ulendo womwe amayenera kumaona kunja, kenako mutu unasokonekera osadziwanso kumwamba ndi pansi.

Apa ndi pomwe anthu ambiri sakhulupirira. Mkati mwa khutu muli timadzi tomwe timakuuzani kuti mwaongoka kapena mwapendama, koma timagwira bwino ntchito maso akamathandiza. Mukukumbuka tili ana tikazungulirazungulira pabwalo kenako n'kuima, dziko limapitirizabe kuzungulira mpaka kugwa chagada? Ndi zomwezo, kungoti payiloti samva chizungulire choti chimuchenjeze, iyeyo amamva kuti zonse zili bwino. Ndege ikakhota pang'onopang'ono khutu silizindikira, ikawonjezera liwiro thupi limamva ngati ikukwera. Mankhwala ake ndi amodzi, kusiya kukhulupirira thupi lako n'kukhulupirira mawotchi a kutsogoloko, ndipo kusintha kumeneko mwadzidzidzi, uli pafupi ndi phiri, bwana ali kumbuyo, si masewera.

Nanga bwanji osangoima m'mwamba kudikira? Helikopita siima yokha achimwene. Mukaiona yaima malo amodzi dziwani kuti manja onse awiri ndi mapazi onse awiri a payiloti akugwira ntchito osapuma, ndipo maso ake ali pa mtengo kapena mwala winawake kuti adziwe ngati akusuntha. Muchotsereni mtengowo, kunja kungoti mbuu, ayamba kutsetsereka chammbali osadziwa. Kuima mumtambo n'koopsa kuposa kuyenda. Chomwe akanachita ndi kutera nkhungu isanamutseke, pa munda uliwonse, pa bwalo la sukulu, basi. Ndiye funso lenileni ndi loti bwanji sanatere, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi imandikhudza ine.

Ine ndege sindinayendetsepo, ndimangokonda kuwerenga malipoti a ngozi zake ngati munthu wosowa chochita kkkk. Koma ndinagwirapo ntchito ya udalaivala pa bungwe lina, ndipo msewu wa ku Mzuzu ndinaudya mokwanira. Amene munadutsapo pa Chikangawa miyezi ya June ndi July mukudziwa zomwe ndikunena. Tsiku lina tinanyamuka mochedwa ku Lilongwe chifukwa bwana anali ndi miting'i ina, kudutsa pa Jenda kwada kale, ndipo titangolowa m'mapaini muja nkhungu inatsika ngati wina watseka chitseko. Mafulu laiti ukayatsa amangokubwerera m'maso, ukazimitsa sukuona kanthu, ndinatsitsa galasi n'kumayendera kamzere koyera ka m'mbali kaja, nako kofufutika, kwinaku ndikudziwa kuti penapake kutsogoloku pali thiraki ya matabwa yafa pakona yopanda ndi triangle yomwe, angoika tinthambi. Ndinaimika galimoto pomwe panali timagetsi ta ma shopu ndi kunena kuti bwana apa tidikire. Mmene anandiyang'anira! Sanakalipe poyamba ayi, anangoti, "Madalaivala enatu amadutsa pomwe pano daily." Mawu amenewo achimwene amalasa kuposa kutukwanidwa. Kenako anayamba kuimba mafoni ine ndili pompo, kuuza anthu kuti tachedwa chifukwa dalaivala akuopa. Tinagona m'galimoto, kuzizira kwake kosasimbika, ine manja m'khwapa iwo atafunda jekete yanga yomwe. M'mawa tinafika bwinobwino, miting'i inayamba mochedwa monga mwa nthawi zonse, ndipo kontrakiti yanga itatha sanandiitanenso. Palibe anandiuza chifukwa chake, koma inenso si mwana.

Ndiye ndikamawerenga kuti a NTSB anati payiloti wa Kobe ayenera kuti anadzipanikiza yekha pofuna kusangalatsa kasitomala wake, ngakhale panalibe umboni woti Kobe anamukakamiza, ine ndimamvetsa mpaka m'mafupa. Bwana sachita kunena kuti pitiriza. Kungokhala kwake kumbuyoko n'kokwanira. Ndipo ulendo ukatsala pang'ono kutha m'pamene kubwerera kumavuta kwambiri, mtima umangoti tatsala pang'ono, tingodutsa kaphiri aka basi. Ine ndimanena mosaopa kuti chomwe chimapha akuluakulu ambiri m'mapiri si adani awo, ndi ulemu wathu womwewu, woti wamng'ono sangauze wamkulu kuti lero sitipita. Munganditsutse koma pamenepa sindisuntha.

Taonani mndandanda wake. Pa 8 December 2021 mkulu wa asilikali onse a ku India, General Bipin Rawat, anafa pa Mi-17 pafupi ndi Coonoor m'mapiri a Nilgiri, atatsala pang'ono kufika, ndipo ofufuza anati nyengo inasintha mwadzidzidzi, analowa mumtambo, payiloti anasokonekera. Pa 19 May 2024 pulezidenti wa ku Iran uja Ebrahim Raisi ndi nduna yake yoona za kunja Hossein Amir-Abdollahian ankachokera kotsegulira damu kumalire ndi Azerbaijan pa Bell 212, mahelikopita anali atatu, awiri anafika, yawo inawomba phiri kufupi ndi Varzaqan, ndipo lipoti la asilikali a ku Iran linaloza nkhungu yowirira. Inde helikopitayo inali yakale ndipo dziko lawo limavutika kupeza masipeya chifukwa cha ma sanctions, koma opulumutsa okha anasakasaka usiku wonse osaona kutsogolo, nkhunguyo sinali yopeka.

Ndikudziwa kuti pamene mumalemba imelo mtima wanu unali pa 10 June 2024, ngakhale simunatchule. Ija sinali helikopita, inali Dornier 228, ndipo bala la imfa ya a Saulos Chilima ndi anzawo 8 likadali laliwisi, sindikufuna kulitokosa. Ndingonena zomwe akatswiri a ku Germany a BFU analemba: ndege inkauluka motsika nyengo ili yoipa, inalowa m'mitambo n'kuwomba malo okwera. Analembanso kuti munalibe makina ojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege, komanso batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa kuti ipezeke msanga linatha ntchito mu 2004. Amene ali ndi mafunso ena ali ndi ufulu wofunsa. Koma ine cha batire chokhacho chimandikwiyitsa mokwanira, zaka 20 eti.

Zina zomwe zimagwetsa helikopita kumapiri

Poti munafunsa zifukwa, nkhungu si yokha. Pali mphepo. Ikawomba phiri imakwera mbali imodzi n'kukagwera mbali inayo mwamphamvu, ndipo helikopita ikapezeka mbali yogwerayo imatha kutsika ngakhale payiloti atapereka mphamvu zonse. Anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe amaidziwa mphepo yotsika m'phiri mmene imasasulira madenga, ndiye ganizani muli m'mwamba.

Pali kupepuka kwa mpweya. Mukamakwera mpweya umachepa, kukatentha umachepanso, mapiko ozungulira aja amasowa chogwira ndipo injini nayo imafooka. Helikopita yomwe yanyamula bwinobwino anthu ndi katundu ku Nsanje itha kulephera katundu yemweyo pamwamba pa Sapitwa pa mamita 3,002. N'chifukwa chake anthu anadabwa mu 2005 pomwe Didier Delsalle wa ku France anakateretsa helikopita pansonga pa Everest, koma anali yekha, atachotsamo mipando kuti ipepuke. Mphamvu ikachepa chonchi kafani ka kumchira kaja nako kamatha kulephera, helikopita n'kuyamba kuzungulira yokha. Palinso zoti ukatsika chowongoka mothamanga umagwera mumphepo yako yomwe, ukawonjezera mphamvu m'pamene ukumira, akatswiri ambiri amati ndi zomwe zinagwetsa helikopita ya Amereka mumpanda wa Osama bin Laden ku Abbottabad mu 2011, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mawaya a magetsi odutsa pachigwa saoneka mpaka utafika. Injini nayo imafadi nthawi zina, ndipo helikopita imatha kutera injini itazima, mapiko amazungulirabe ndi mphepo yochokera pansi, koma pamafunika mtunda wokwanira ndi malo osalala, zomwe munthu wouluka motsika pakati pa miyala ndi mitengo alibe.

Ndiye achimwene mukadzamvanso kuti yagwa ina, yambani mwafunsa kuti mitambo inali potalika bwanji, anali angati mkatimo ndi katundu wochuluka bwanji, komanso amathamangira chani. Za kachipangizo kochenjeza kuti kutsogolo kuli phiri, ya Kobe inalibe, ndipo a NTSB anali atapempha kale mu 2006 kuti mahelikopita akuluakulu onyamula anthu azikhala nako koma a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku Amereka, anangolamula a ambulansi okha. Ofufuzawo anati pa ngozi imene ija mwina sikakanathandiza, poti munthu amene akukhulupirira kuti akukwera ndi wovuta kumuuza kuti akugwa.