Amayi akakumangirani mbatatesi musakane chonde

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Akuti chaka chilichonse pa 15 October, tsiku la anakubala, amapita kwawo ku Ntcheu atanyamula chitenje, shuga, sopo ndi mafuta ophikira, akalephera amangotumiza pa Airtel Money. Koma pobwerera amayi awo amawamangira thumba la mbatatesi ndi mtedza, iwo nkumakana poti amayiwo ndi ovutika. Nde akufunsa kuti chokoma nchiti, kupatsa kapena kulandira, ndipo kodi akulakwitsa kukana?

Achemwali, ine kwanga kupatsa ndiye kokoma kwambiri, ndipo nchifukwa chake ndikuti mukulakwitsa.

Taonani ku ukwati nthawi ya perekani perekani, amene amavina ndani? Ndi oponya ndalama aja, asintha K5,000 kukhala timapepala ting'onoting'ono kuti gule atalike, thukuta kamukamu, pomwe akwati angoima ndi beseni miyendo ikuwawa. Chisangalalo chija chomwe mumamva amayi akamatambasula chitenje nkuitana aneba kuti bwerani mudzaone, ndi chomwecho chimene iwonso akufuna akamve pokumangirani mbatatesi. Inu mukakana ndiye kuti mwavina nokha, iwo mwawakhazika pansi.

Zinandionekerapo ine. Agogo anga ondiberekera mayi anandigwirira nkhuku tsiku lina ndikutsanzika, thadzi lofiira, analimanga miyendo ndi kansalu kong'amba ku chitenje chakale. Ine nkunena kuti ayi agogo isungeni izikuikirani mazira, komanso mumtima ndimaganiza za minibasi kuti ndikhala nayo bwanji pamiyendo ulendo wonse. Sanayankhe kanthu, anangowerama nkumasula kansalu kaja pang'onopang'ono, nkhuku nkuthawira kuseri kwa nkhokwe. Patapita miyezi azakhali ndi amene anandiuza kuti mavenda anabwera kawiri konse kuifuna nkhuku ija agogo nkumakana kuti iyi ndi ya mdzukulu wanga wa ku tauni. Mpaka lero ndikakumbukira manja aja akumasula mfundo mtima umandiwawa.

Ndikumvetsa nkhawa yanu, zinthu zadula zedi, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 ngakhale paketi ya shuga munthu umayamba waganiza kaye, nde kuona mayi ako akutapa m'thumba lomwe akanagulitsa pa Lizulu kuti apeze ya feteleza zimamvetsa chisoni ndithu. Koma amayi anu amadziwa kuwerengera zawo kuposa inu, munda ndi wawo, akudziwa zomwe zatsala mnyumba. Chomwe sakufuna nkukhala munthu wongotambasula manja chaka ndi chaka kwa mwana yemwe anamubereka okha. Akuluakulu anati chipande cha therere chimakoma nkuyenderana, sanati chizichokera mbali imodzi ayi.

Ndipo kulandira kuli ndi ntchito yake eti, si kungotenga basi. Tinaphunzitsidwa tili ana kulandira ndi manja awiri, kugwada pang'ono, kuthokoza mpaka m'mawa mwake kuti zikomo kwambiri zadzulo. Tikayamba kulandira salale timaiwala zimenezi, timazolowera kuti ife ndife opereka.

Ulendo uno mukapita, akamamanga thumba musawaletse. Ngati mukuona kuti lachuluka nenani kuti amayi chepetsani pang'ono mayendedwe avuta, koma nyamulani ndithu. Mukafika ku Lilongwe phikani tsiku lomwelo, muwaimbire foni muwauze kuti ana anyambita mbale ndipo mtedza mwasinjako wothira ku nkhwani. Thumbalo musataye, lichapeni mudzabwerere nalo pa Khrisimasi muli kanthu mkati.