Kambulu pabere limodzi la mwana wanga, kodi ndi khansa?

FUNSO: Anti ndithandizeni, mtima wanga suli m'malo. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 10 ndiye sabata yatha anandionetsa kambulu kolimba pansi pa nkhumbu ya kumanzere, ndikangokhudza akuti kakuwawa, koma kumanja kulibe kalikonse. Si khansa imeneyi? Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, khazikani mtima pansi, mmene mwafotokozeramu mwanayo wangoyamba kumera mawere basi. Amayamba choncho, kambulu kolimba kokhala ngati batani pansi penipeni pa nkhumbu, kamawawa ngakhale malaya akangokhudza, ndipo nthawi zambiri kamayamba mbali imodzi, inayo n'kudzatsatira patapita miyezi. Atsikana ambiri zimawayamba pakati pa zaka 8 ndi 13 ndiye wanuyo ali pa nthawi yake ndithu. Khansa ya m'mawere pamsinkhu umenewu ndi yosowa kwambiri.

Chikuchitika n'choti thupi layamba kutulutsa homoni ya estrogen (timadzi ta m'thupi tomwe timakhwimitsa mtsikana), imeneyi ndi imene ikudzutsa tinjira ta mkaka tomwe anabadwa nato kuti tiyambe kutalika n'kumachita nthambi, kenako mafuta amabwera kudzakuta zonsezo mpaka bere litaumbika, ndipo likakhwima limakhala ndi zigawo 15 mpaka 20 zopanga mkaka, chilichonse ndi kanjira kake kopita ku nkhumbu. Khungu lozungulira nkhumbu lija liziderako komanso kukula, mwina muonapo timatuza ting'onoting'ono, timeneto timatulutsa mafuta oteteza khungu, musatifinye.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi, wina asakunamizeni kuti kambuluko akafinye, akamange kapena akacheke. Kambulu kameneko ndi bere lenilenilo likuyamba, kakavulala bere likhoza osakulanso bwino moyo wake wonse. Ngati kakumuwawa mupezereni kabra kofewa kopanda waya.

Kuchipatala thamangirani pokhapokha patafiira n'kumatentha, pakutuluka mafinya kapena magazi, kapena mutapeza chotupa china kutali ndi nkhumbu chomwe chikukula msanga.

Ndiye poti anabwera yekha kudzakuonetsani, musamusiye ndi mantha, mukhale naye pansi mumuuze kuti bere lina likhoza kukula kuposa linzake ndipo ngakhale akuluakulufe athu salingana ndendende ayi. Mumuuziretunso za msambo, chifukwa nthawi zambiri umabwera patatha zaka 2 kapena 3 kambulu kameneka katatuluka.