Khanda likuchita chimbudzi likangoyamwa: kodi latsegula m'mimba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Kawale amene wangochira kumene, mwana wake woyamba. Analemba kuti: "Mwana wanga ali ndi masiku 12 ndipo akuyamwa bere lokha. Akangoyamwa basi waipitsa thewera, mwina ka 7 kapena ka 8 patsiku. Chimbudzi chake n'chachikasu, chamadzimadzi, chokhala ndi timibulu. Apongozi akuti watsegula m'mimba, timumwetse mankhwala. Ndichite chiyani?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Zimene mwafotokozazi ndi mmene chimaonekera chimbudzi cha khanda limene likukhuta mkaka wa m'mawere. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba, thewera lotere ndi limene ndimasangalala kuliona. Mwana wanu musamumwetse chilichonse.

Tiyambe ndi tsiku lobadwa. Chimbudzi choyamba chimakhala chakuda mobiriwira, chomata ngati phula la pamsewu, chosanunkha kwenikweni, ndipo chimavuta kupukuta. Ndi zimene zinaunjikana m'matumbo mwana ali m'mimba. Ana ambiri amachitulutsa pasanathe maola 24, ena amafika tsiku lachiwiri. Mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wokhuthala, umathandiza kuchikankha, n'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva mayi akuuzidwa kuti aufinyire pansi poti ndi wakuda. Si wakuda ayi. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi chimbudzi chimayamba kubiriwira, kenako cha m'ma tsiku lachisanu chimasanduka chachikasu ngati phala la maungu, chokhala ndi timibulu tonga chitowe. Timibuluto ndi mkaka womwewo, si nyongolotsi, si matenda.

Nanga kuchita pafupipafupiko? Mimba ya khanda ikadzaza, matumbo amayamba kuyenda nthawi yomweyo, ndipo mkaka wa m'mawere sugayika movuta. Ndiye mwana kuipitsa thewera atangochoka pabere, ngakhale akadali pabere pomwepo, ndi mmene thupi lake limagwirira ntchito. Ndikanada nkhawa mukanandilembera zosiyana, kuti mwana wa masiku 12 akutha tsiku lonse thewera lili loyera, kapena kuti chimbudzi chikadali chakuda tsiku lachisanu litadutsa. Kawirikawiri zimenezo zimasonyeza kuti mkaka sukumukwanira, mwina chifukwa sakugwira bwino bere. Muwerengenso mikodzo: kuyambira tsiku lachisanu, matewera onyowa asachepere 6 patsiku.

Ndikuuzirenitu chimene chikubwera, chifukwa chimadzidzimutsa amayi ambiri. Akakwanitsa masabata pafupifupi 6, mwana yemweyu angasinthe n'kumatha masiku atatu, anayi, ena mpaka sabata osachita chimbudzi. Ngati akuyamwa bwino, akukodza, mimba ndi yofewa, sikelo ikukwera, ndipo chimbudzi chikabwera chili chofewa, ameneyo sanadzimbidwe. Komanso mudzamuona akufiira nkhope, akubuula, akupinda timiyendo kwa mphindi zingapo, kenako n'kutulutsa chofewa bwinobwino. Akuphunzira kukankha, basi. Kudzimbidwa kwenikweni ndi chimbudzi chouma, cha timibulu tolimba ngati ta mbuzi, ndipo kwa mwana woyamwa bere lokha sikuchitikachitika. Ana akumwa mkaka wa m'chitini ndi amene chimbudzi chawo chimakhala cholimbirapo, choderako ndi chonunkha, ndipo amadzimbidwa msanga ngati mkakawo wasungunulidwa mosatsata muyezo wolembedwa pachitini. Chonde, musamuike kasopo kumatako, musamumwetse madzi, gripe water kapena mankhwala achikuda. Mpaka miyezi 6, bere lokha.

Chobiriwira cha apo ndi apo, mwana ali wosangalala, chisakusowetseni tulo.

Tsopano zimene ndikufuna muzisunge pamtima, zothamangira nazo kuchipatala ngakhale usiku. Mwana akatha maola 48 chibadwire osatulutsa chakuda chija, aonedwe msanga, chifukwa mwina matumbo atsekeka penapake kapena njira ya chimbudzi sinapangike bwino. Mimba ikatupa n'kulimba, ndipo akusanza zobiriwira ngati ndulu, musadikire kuti kuche. Magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi kudanso bii masiku oyamba aja atadutsa, nazonso n'zofunika dokotala. Nthawi zina amakhala magazi amene mwana wameza kuchokera ku nsonga ya bere yong'ambika, koma aweruze ndi achipatala, osati ife pakhomo.

Pali mtundu umodzi umene anthu ambiri sauopa, pomwe ndi umene ine ndimauopa kwambiri: chimbudzi choyera kapena chotuwa ngati choko kapena phulusa. Chimene chimapatsa chimbudzi mtundu wachikasu ndi ndulu yochokera kuchiwindi. Chikayera, ndiye kuti nduluyo sikufika m'matumbo, mwina chifukwa timipaipi take tatsekeka. Mwana wotere amakhala ndi chikasu m'maso chosatha ngakhale masabata awiri atadutsa, ndipo mkodzo wake umadera ngati tiyi n'kusiya banga pathewera. Chopusitsa n'choti amayamwa bwino ndipo amaoneka wathanzi. Opaleshoni yake imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwanitse miyezi iwiri. Ndimakumbukira mayi wina amene anatifikira mwana ali ndi miyezi inayi. Anamasula thewera mwakachetechete, chimbudzi chili mbuu ngati ufa wonyowa, n'kunena kuti ankaganiza kuti ndi mkaka ukungotuluka mmene unalowera. Palibe amene anamuuzapo. N'chifukwa chake ndikukuuzani inu, ndipo inu mukauze anzanu.

Ndibwerere ku mantha a apongozi anu, chifukwa sakulakwa kuopa. Iwo anakula akuona kutsegula m'mimba kukutenga ana, ndipo katemera wa rota, woteteza ana ku kachilombo kotsegula m'mimba, anayamba kuperekedwa kuno ku Malawi mu 2012, ana awo atakula kale. Kutsegula m'mimba kwenikweni mumakuzindikira poyerekeza ndi mmene mwana wanuyo amachitira masiku onse. Chimbudzi chimasintha mwadzidzidzi, chimakhala madzi okhaokha olowerera m'thewera osasiya kanthu pamwamba, chimabwera kochuluka kuposa kale, nthawi zina ndi fungo loipa kapena chonanda. Ndiye muyang'ane mwanayo: kodi akuyamwa mwamphamvu? Maso alowa? M'kamwa mwauma? Mikodzo yachepa? Thupi latentha kapena lazizira? Akungogona wosadzutsika?

Ndipo mugwire paliwombo. Pano ndilankhule mosabisa, chifukwa kwathu kuno liwombo likalowa timathamangira kumata mankhwala pamutu. Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi. Chomata pamutu sichibwezera madziwo, chimangodya nthawi, ndipo khanda limafooka m'maola ochepa. Mwana wosakwana miyezi iwiri akatsegula m'mimba, muyamwitseni pafupipafupi muli m'njira yopita kuchipatala. Za Thanzi ORS ndi zinki akakuuzani achipatala atamuona, muyezo wake usakhale wongoganizira.

Inu muli ku Kawale, chipatala chaching'ono muli nacho pafupi, ndipo Bwaila si patali. Zikakhala zofunika madokotala a ana kapena opaleshoni, adzakutumizani ku Kamuzu Central. Ponyamuka musaiwale buku la kuchipatala la mwana. Tengani thewera lomwe lakudetsani nkhawalo m'kapepala ka pulasitiki, kapena lijambuleni pafoni panja powala, chifukwa babu la m'nyumba limasintha mtundu, chotuwa n'kuoneka ngati chachikasu. Ife sitinyansidwa nalo. Kuona ndi maso kumatithandiza kuposa kufotokozeredwa.

Ngati simunapite kokaonedwa sabata itatha chiberekere, pitani mawa lomwe, akamuyeze pasikelo. Pofika masabata awiri ana ambiri amakhala atabwerera pa kulemera kumene anabadwa nako, ndipo nambala imeneyo idzakuuzani ngati mkaka ukumukwanira. Apongozi anu muwapemphe akuperekezeni, awanyamulire mdzukulu wawo, ndipo funso la mankhwala lija akalifunse okha kwa anamwino. Pa masabata 6 mubwererenso kukalandiritsa katemera, kuphatikizapo wa rota wodonthezera m'kamwa uja.