Kwa mchimwene wa ku Joni amene akufuna foni yokoka netiweki ku Muona

Mchimwene wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo. Mayi ake amakhala kutsidya kwa Shire, mbali za ku Muona, ndipo akawaimbira foni imangodukaduka, masiku ena osalowa n'komwe. Akufuna kuwatumizira foni yamphamvu pa Khirisimasi, ndiye akufunsa mtundu woti agule. Wamaliza ndi kunena kuti ndalama si vuto.

Achimwene, pepani, yankho langa likhala lalitali chifukwa nkhaniyi yandikhudza pachilonda.

Ine ndinakulira kwa azakhali anga kufupi ndi ku Fatima, dera lomwelo la East Bank. Mpaka lero azakhaliwo ali ndi kafoni ka mabatani, kotha manambala, chotsekera chakumbuyo chomangidwa ndi kalabala. Panyumba ponsepo malo amene netiweki imagwira bwino ndi amodzi, nsanamira ya pakhonde yoyang'ana kumtsinje. Iwo anakhomapo msomali, n'kupachikapo botolo la pulasitiki lodula pakati, ndipo foni imagona mmenemo usana ndi usiku. Ikalira sayichotsa ayi. Amangodina batani lokwezera mawu n'kumalankhula ataima chilili, manja ali kumbuyo, moti aneba onse amadziwa amene wadwala ku Blantyre komanso ndalama zimene zatumizidwa mwezi uno.

Chaka china mwana wawo, msuweni wanga, anabwera kuchokera komwe muliko inuko atanyamula chifoni chachikulu chonyezimira. Anachiika m'manja mwa mayi ake anthu akuwombera m'manja. Vuto loyamba linali loseketsa: m'botolo muja sichinalowemo. Vuto lachiwiri silinali loseketsa. Simu yomwe ija, nsanamira yomwe ija, koma chifonicho chinkangofufuza netiweki, kugwira pang'ono, kutaya, kufufuzanso, mpaka kutentha kumsana. Dzuwa lisanapendeke batire linali litatha, ndipo kotchajira ndi kusitolo ya sola, ulendo wa njinga, kulipiranso. Msuweni atabwerera sipanapite nthawi, simu inabwerera m'kafoni ka mabatani. Chachikulu chija chinasanduka cha zidzukulu, choonera mavidiyo a m'kamemore. Msuweni kuja ankadandaula kuti mayi sayamika.

Mayi ankayamika. Kungoti foni siipanga netiweki. Ntchito yake ndi kumvetsera tawala ndi kuyankha, basi. Tawala ikakhala kutali, kapena pakati pali phiri, foni ya 50,000 kwacha ndi ya miliyoni zonse zikumvetsera chinthu chimodzi. Kusiyana kulipo, sindikukana, chifukwa mlongoti wa mkati ndi zida zolandirira zimasiyanadi. Koma ndalama zambiri zimene mumalipira pa foni yodula zimapita ku kamera, galasi, liwiro ndi dzina. Palibe wogulitsa angakuuzeni zimenezi, ndipo pabokosi salembapo kuti foniyi imamva bwanji tawala yakutali.

Taganizani mmene chigwa chathu chilili. Mukatsika mapiri kuchokera ku Blantyre n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, msewu wa M1 umadutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje ndi ku Marka. Anthu, misika ndi magetsi zili m'mbali mwa msewuwo, ndiye makampani nawonso amakonda kumanga komweko. Kutsidya kwathu kuja, kuchokera pa Thabwa kudzera Makhuwira kukafika Muona ndi Makhanga, kumbuyo kuli mapiri a Thyolo, kutsogolo kuli madambo a Elephant Marsh. Pamadambo palibe chotchinga, n'chifukwa chake nyumba ina imagwira bwino ikayang'ana kumtsinje, pomwe ina yobisika kuseri kwa kachitunda mudzi womwewo ilibe kanthu. Malata nawonso amatchinga. Mitengo ya mango yothithikana imatchinga. Ngakhale dzanja lanu likafumbata foni molimba limachepetsa mphamvu, ndiye botolo la azakhali lija si umbuli ayi.

Chimene chimafika patali ndi mafunde otsika. A 900 MHz, amene 2G yathu imayenderapo, amayenda mtunda wautali komanso amalowa m'nyumba kuposa a 1800 kapena 2100. Kafoni ka mabatani kamangokakamira pamenepo, sikafuna zambiri, kuimba ndi uthenga basi. Foni yamakono imalimbana kuti ipeze 4G, ikalephera itsikire ku 3G, ikalepheranso ku 2G, kenako iyambirenso. Ndipo netiweki ikafooka, foni iliyonse imawonjezera mphamvu yotumizira kuti tawala iimve, n'chifukwa chake batire limatha msanga kumudzi kuposa m'tauni. Onjezani kutentha kwa mu Okotobala ndi Novembala, pomwe ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40, muona batire la foni yodula likutupa.

Apa ndiye ndinene mosapsatira, ngakhale ena akwiye. Ife ana a m'tauni ndi a kunja mafoni odulawa sitigulira makolo, timadzigulira tokha. Timafuna akatulutsa kutchalitchi anthu anene kuti mwana wa uje zikumuyendera. Timafuna kuwaona nkhope pa WhatsApp kuti mtima ukhale pansi kuti sitinapite kwathu chaka chino. Sindikuti n'zoipa kufuna kuona nkhope ya mayi. Koma mayi amene ali ku Muona chimene akufuna n'chakuti akadwala usiku adine batani limodzi wina ayankhe, ndiponso uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ulowe tsiku lomwe mwatumiza, asapite kwa ajenti ulendo wachabe. Foni imene imakwanitsa zimenezi ndiye yamphamvu. Zinazo ndi zokongoletsa.

Amene anali kuchigwa mu Januwale 2022 akudziwa zimene ndikunena. Namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko lonse n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, misewu n'kuduka. Tawala nayonso imadya magetsi. Akazima imadalira mabatire ndi jenereta, ndipo jenereta imafuna galimoto yobweretsa dizilo pamsewu umene madzi akokolola. Mu Malichi 2023 Freddy anabwerezanso. Masiku ngati amenewo netiweki imabwera kwa kanthawi n'kuchoka, ndipo amene amalankhula ndi abale ndi yekhayo amene foni yake ikadali ndi moto nthawi imene yabwerayo. Pamsasa wina anthu ankachita kupanga mzere pa kafoni ka gogo wina, aliyense kusinthamo simu yake, pomwe mafoni akuluakulu anali atazima kale m'matumba. Uthenga wolemba umadutsanso pomwe kuimba kwakanika, choncho aphunzitseni mayi kapena mdzukulu kutumiza uthenga wamba, osangodalira WhatsApp.

Pali china chimene anthu a ku Lilongwe sachidziwa. Ife tazunguliridwa ndi Mozambique. Ku Marka, m'mbali mwa Ruo, ngakhale madera ena a Chapananga, foni imatha kulumphira pa tawala ya Movitel kapena Vodacom wa kutsidya, mwini wake ali pakhonde pake m'Malawi. Zikatero kuimba kumavuta kapena kumadya mayunitsi ngati uli kunja. Mankhwala ake ndi osavuta: kulowa posankhira netiweki, kuchotsa zoti izisankha yokha, n'kusankha pamanja kampani ya kwathu. Ena amangogula simu ya kutsidyako n'kumaigwiritsa ntchito pa intaneti. Sindiwaweruza, koma zimandiwawa. TNM inayamba mu 1995, Airtel inabwera ngati Celtel mu 1999, ndipo lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA kuti madera osapindulitsa makampani nawonso afikiridwe. Zaka zonsezi, munthu wamkulu azikwerabe pachulu kuti amve za maliro? Aphungu athu akabwera kudzapempha mavoti tiziwafunsa za tawala ngati mmene timawafunsira za mlatho ndi mjigo.

Ndasochera, tibwerere kwa mayi anu.

Nanga mugule chiyani?

Musanagule kanthu, dziwani kaye kampani imene imagwira pakhomo pawo, osati pamsika kapena pasukulu, pakhomo penipeni. Tumani mdzukulu amene ali ndi foni ya Android aikemo simu ya Airtel, kenako ya TNM, ataima malo amodzi. Asawerenge timizere ta pakona tija, chifukwa kampani iliyonse yopanga mafoni imatijambula mwa njira yake, foni ina imaonetsa tinayi pomwe inzake ikuonetsa tiwiri. Alowe mu Settings, About phone, SIM status, aone nambala yolembedwa dBm, yoonetsa mphamvu ya netiweki. Ikakhala cha m'ma -75 ndi yabwino, cha m'ma -95 kuimba kumatheka, ikapyola -105 kulowera ku -110 ndi mavuto. Kusiyana kwa 10 pa nambalayi ndi mphamvu yochuluka kakhumi, ndiye musakupeputse. Poyerekeza aonetsetse kuti zonse zili pa 2G kapena zonse pa 4G, chifukwa manambala ake sawerengedwa mofanana. Azungulire nayo nyumba yonse, apeze nsanamira ya mayi anu.

Mukadziwa zimenezo, gulani kafoni ka mabatani kolowa masimu awiri, ka Itel, Tecno kapena Nokia weniweni, ka batire lochotseka kuti pakhale lina lapadera. Ngati nambala ija yaonetsa kuti 4G ikufika ndithu, onjezani foni yamakono yapakatikati, ya pulasitiki kumsana, batire la 5000 mAh, yolandira mafunde otsika a 900 ndi 800 MHz. Ikhale yachiwiri, yoonerana nkhope Lamlungu. Ndalama yotsalayo gulani kasola kotchajira, kameneko ndiye kadzasintha zinthu kuposa foni. Timapepala tomata kumsana tomwe amati timakoka netiweki ndi bodza, musatayepo kwacha.

Za kugula ku Joni, mafunde a kumeneko ndi a kuno amagwirizana, koma samalani ndi mafoni otchipa a m'masitolo a makampani a netiweki, ena amakhala okiyidwa kuti asalandire simu ina. Akaunjika ochokera ku America ndi amene amasowa mafunde ena a kuno. Kunena zoona ine ndikanangotumiza ndalama, mdzukulu akagule pa Nchalo kapena pa Bangula, agwirizane ndi wogulitsa kuti akaiyese kumudzi ndipo ikakanika aibweze. Simuyo ilembetsedwe ndi chiphaso cha mayi eni ake, osati cha mdzukulu, kuti tsiku lina ikatayika kapena ndalama zikatsekeka musavutike.

Mukapeza manambala a dBm aja nditumizireni, pamodzi ndi dzina la mudzi woyandikana nawo, ndikuuzani ngati yamakonoyo ndi yoyenera kugula kapena mungotsala ndi ka mabatani ndi sola.