Kodi Majaji Otchuka Amangopatsana Mphoto Okhaokha?

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana amene anamaliza maphunziro ojambula mapulani a nyumba ku Blantyre, ndipo pano akugwira ntchito pa kaofesi kakang'ono. Wapempha kuti ndisatchule dzina. Akuti waona pa intaneti chilengezo cha mpikisano wa kunja, ndipo pamwamba penipeni ayalapo nkhope za akatswiri otchuka amene akhale majaji. Kuti munthu alowe ayenera kulipira madola, ndipo madolawo ukawasintha m'makwacha mutu umayamba wazungulira kaye. Funso lake ndi ili: "Kodi anthu akuluakulu chonchi angayang'ane n'komwe pulani ya munthu wa kuno? Si kuti amangopatsana mphoto okhaokha? Ndilipire, kapena ndisunge ndalama yanga?"

Achemwali, mwafunsa bwino, ndipo kukayika kwanu kuli ndi pogwira. Ine ndikuti dzina la jaji lili ndi phindu ndithu, koma musayambire pamenepo. Yambani mwafufuza m'mene majajiwo aweruzire. Kodi aona dzina lanu kapena nambala chabe? Kodi akafika pa nyumbayo ndi mapazi awo, kapena angoona zithunzi pa kompyuta? Zimenezi zimalembedwa m'munsi, m'timalemba ting'onoting'ono timene ambiri sawerenga.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa. Pali mpikisano wa mapulani a chinthu chimene sichinamangidwe, ndiye pali mphoto yoperekedwa kwa nyumba imene yaima kale kapena kwa katswiri chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Ntchito ya jaji m'malo awiriwa si imodzi.

Pa mpikisano wa mapulani, katswiri wamkulu amafunikadi, ndipo chifukwa chake ndi maso komanso kulimba mtima. Mu 1957, ku Australia analengeza wopambana pa mpikisano wa nyumba ya zoimbaimba ya Sydney Opera House. Kunabwera mapulani 233. Amene anapambana anali Jørn Utzon wa ku Denmark, yemwe nthawi imeneyo sankadziwika kwenikweni kunja kwa dziko lake, ndipo zojambula zake zinali zongosonyeza ganizo, osati mapulani atsatanetsatane. Mmodzi wa majaji anali Eero Saarinen, katswiri wa ku America amene dzina lake linali litamveka kale, ndipo iye anaikira kumbuyo kwambiri ntchito ya Utzon. Komiti ya anthu amantha ikanasankha chinthu chooneka ngati zimene inazolowera. Pamafunika munthu amene anamangapo zinthu zovuta kuti aone zolembalemba za pensulo n'kunena kuti apa pali kanthu, ndipo ena n'kumumvera.

Koma nkhani ya Sydney yomweyo ikuonetsanso pamene maso a jaji amathera. Ankayembekezera kuti nyumbayo idya madola 7 miliyoni a ku Australia. Inadya 102 miliyoni. Utzon anasemphana ndi boma n'kusiya ntchito mu 1966, nyumbayo inatsegulidwa mu 1973, ndipo mwini wake sanabwererenso kukaiona itatha. Majaji anaona kukongola, ndipo sanalakwe. Zimene sakanatha kuona pa pepala ndi zaka zonse zimene mainjiniya anavutika kuti apeze njira yomangira madenga aja.

Tsopano ku nkhawa yanu yoti simukudziwika. Mankhwala ake alipo, ndipo ndi akale: kubisa maina. Mu 1981 ku Washington kunali mpikisano wa chikumbutso cha asilikali a America amene anafa pa nkhondo ya ku Vietnam. Kunabwera mapulani 1,421, ndipo pulani iliyonse inangopatsidwa nambala. Majaji atasankha nambala 1026, anapeza kuti mwini wake ndi Maya Lin, mtsikana wa zaka 21 amene anali adakali pa sukulu ku Yale. Makampani akuluakulu analowa nawo mpikisanowo ndipo anagwa. Ine ndimakhulupirira kuti akanakhala kuti majaji ankawerenga maina ndi zaka za anthu, khoma la mwala wakuda lija lokhala ndi maina a omwalira silikanamangidwa. Ndiye ngati mpikisano wanu ukunena momveka kuti mapulani aweruzidwa popanda maina, kukhala kwanu ku Malawi sikukulepheretsani chilichonse m'chipinda cha majaji. Pepala lanu lidzapachikidwa pa khoma limodzi ndi la munthu wa ku Tokyo.

Kumene mawu anu akuti "okhaokha" akuluma zenizeni ndi ku mphoto zopatsidwa kwa munthu. Yaikulu mwa zonse ndi Pritzker, imene banja la Pritzker la ku Chicago linakhazikitsa mu 1979. Wopambana amalandira madola 100,000 ndi mendulo. Majaji ake ndi anthu olemera maina: akatswiri amene anapambanapo kale, aphunzitsi a ntchitoyi, ndi ena ochokera kwina, monga Stephen Breyer yemwe anali woweruza wa khothi lalikulu la America, ndi malemu Ratan Tata wa bizinesi wa ku India amene anakhalapo jaji m'mbuyomu. Anthu anzeru onsewa, komabe mphotoyi inatha zaka 25 isanapite kwa mkazi, mpaka Zaha Hadid mu 2004. Ndipo inadikira mpaka 2022 kuti ifike kwa munthu wa ku Africa, Francis Kéré wa ku Burkina Faso.

Nkhani imene imandipweteka ine ndi ya mayi Denise Scott Brown, mwinanso chifukwa anabadwira pafupi nafe, ku Nkana m'dziko la Zambia, mu 1931, n'kukulira ku Johannesburg. Mayiwa anagwira ntchito limodzi ndi amuna awo, Robert Venturi, kwa zaka zambiri: ofesi imodzi, mapulani amodzi, kuphunzitsa ndi kulemba limodzi. Mu 1991 majaji a Pritzker anapereka mphoto kwa bambo okha. Mayiwo sanapite ku mwambowo. Mu 2013 ophunzira achitsikana a ku Harvard anasonkhanitsa masiginecha zikwizikwi kupempha kuti dzina la mayiwa liwonjezeredwe, koma majaji a nthawiyo anakana, ati sangasinthe chigamulo cha anzawo akale. Ndipo chaka chimodzi m'mbuyomo, mu 2012, anali atachitanso zofanana: anapatsa Wang Shu wa ku China, n'kusiya Lu Wenyu, mkazi wake amene anayambitsa naye ofesi. Akuluakulu athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ntchito yomanga nyumba mawuwa si mwambi chabe. Majaji amenewa sanadye ziphuphu. Vuto lawo linali lakuti anakulira m'chizolowezi chofunafuna mwamuna mmodzi wanzeru zoposa onse, ndiye maso awo ankangomuona iyeyo. Ukadaulo suchotsa chizolowezi chotere, ndipo gulu la anthu ophunzira m'masukulu ofanana limangochilimbitsa.

N'chifukwa chake ine ndimalemekeza kwambiri kachitidwe ka mphoto ya Aga Khan. Inakhazikitsidwa mu 1977, imaperekedwa kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo ndalama yake ndi madola 1 miliyoni ogawana opambana. Imayang'ana ntchito zothandiza madera amene kuli Asilamu ambiri. Nayonso ili ndi majaji otchuka, koma yawamanga manja ndi malamulo abwino. Nyumba siiloledwa kupikisana isanagwiritsidwe ntchito kwa chaka chathunthu. Majaji akasankha zochepa zimene zawakopa, amatumiza katswiri wapadera kuti apite komweko, akaione, akafunse anthu amene amaigwiritsa ntchito, akafufuze ndalama zimene zinalowa, kenako abwere adzafotokoze pamaso pa majaji. Chigamulo chimadza pambuyo pa lipoti limenelo. Ndipo ulemu sumapita kwa wojambula yekha: eni nyumba, mainjiniya ndi amisiri amatchulidwanso. Mu 1983 mphotoyi inapita kwa mzikiti waukulu wa dothi wa ku Niono ku Mali, ntchito ya mmisiri wa komweko, Lassina Minta.

Taonani chimene njira imeneyi inatulukira ku Gando, mudzi wa ku Burkina Faso. Kéré anabadwira m'mudzi umenewu mu 1965, mwana wa mfumu, ndipo anachoka kwawo ali wamng'ono kukaphunzira chifukwa m'mudzimo munalibe sukulu. Ali wophunzira ku Berlin anasonkhetsa ndalama kwa anzake ndi anthu akufuna kwabwino, n'kubwerera kukamanga sukulu ya pulayimale ya makalasi atatu, imene inatha mu 2001. Makoma ndi a zidina zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zoumbidwa pomwepo, ndipo anthu a m'mudzi ndiwo anatuta miyala ndi kugwira ntchito. Nzeru yaikulu ili kumwamba. Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya malata mwezi wa Okutobala akudziwa m'mene mutu umawawira ikamakwana 11 koloko, ana akuodzera, aphunzitsi thukuta kamukamu. Kéré sanakhomere malata pa khoma. Anaika siling'i ya njerwa zadothi, kenako anakweza malata pamwamba pake ndi tizitsulo towotcherera, kusiya mpata woti mphepo izidutsa pakati. Mpweya wotentha wa m'kalasi umakwera n'kutuluka, wozizira umalowa pa mawindo, ndipo malata aja atambalala kunja mokwanira kuti mvula isamenye makoma. Palibe fani, palibe magetsi.

Pa chithunzi, sukulu imeneyi ndi kanyumba kakatali kofiirira pakati pa thengo. Jaji wongotsegula zithunzi mazanamazana usiku umodzi akhoza kuidutsa. Munthu amene waima m'kalasimo masana dzuwa lili pamutu sangaidutse. Mu 2004 inalandira mphoto ya Aga Khan, zaka 18 majaji a Pritzker asanafike pa dzina la Kéré. Ndipo mu 2022 Kéré yemweyo anakhala mmodzi wa majaji a Aga Khan, pamodzi ndi Anne Lacaton wa ku France, amene amadziwika ndi kukonzanso nyumba zakale za anthu wamba m'malo mozigwetsa. Chaka chimenecho pakati pa opambana panali sukulu ya sekondale ya Kamanar ku Senegal, yomangidwanso ndi dothi la pamalopo.

Apa ndiyenera kunena chilungamo mbali inayo: magulu a majaji amasintha, ndipo akasintha mphoto imasinthanso nkhope. Pamene Kéré ankapambana Pritzker, wapampando wa majaji anali Alejandro Aravena wa ku Chile, munthu amene anatchuka ndi nyumba za anthu osauka ku Iquique, komwe ankamanga theka la nyumba yabwino n'kusiyira banja mpata woti lidzamalize lokha likapeza ndalama. Munthu wotere akakhala pa mpando, mafunso a m'chipindamo amakhala ena. Choncho maina aja ali pa chilengezo chanu muwawerengedi, koma osati poyeza kutchuka. Fufuzani zimene aliyense anamanga. Ngati onse ndi omanga mahotela agalasi ndi nsanja za mabanki, pulani yanu ya chipatala cha kumudzi ikayankhula chinenero chimene iwo samva. Ngati pali mmodzi kapena awiri amene anagwirapo ntchito kumalo otentha, ndi bajeti yothina, ndi amisiri a pamudzi, muli ndi wokuyankhulirani.

Tsono za ndalama yanu. Pali mipikisano ina pa intaneti imene kwenikweni ndi malonda. Mudzaizindikira mosavuta: magulu opikisanamo ndi ochuluka zedi moti pafupifupi aliyense amapatako kanthu, malipiro amakwera tsiku lotseka likamayandikira, ndipo ukapambana amakuuzanso kuti ulipire chikho, satifiketi ndi malo m'buku lawo. Majaji otchuka amakhalapo pa chilengezo, koma kawirikawiri aliyense amangopatsidwa mulu wake pa kompyuta n'kuika mamalikisi ali kwawo, osakumana ndi anzake. Kumeneko kulibe mtsutso, ndipo mtsutso ndiwo ntchito yeniyeni ya majaji: wina kuimirira n'kunena kuti bwezerani nambala iyo pa khoma, mwaichotsa msanga. Mpikisano wopanda zimenezo ine sindingaulipire ngakhale pang'ono.

Musanatumize kalikonse, alembereni okonzawo imelo yaulemu. Afunseni ngati maina amabisidwa, ngati majaji amakumana kuti akambirane, ndiponso ngati amatulutsa lipoti lofotokoza chifukwa chimene asankhira opambana. Funsaninso chimene chimachitika jaji akapeza kuti wopikisana ndi wophunzira wake kapena mnzake wa ku ofesi. Mpikisano wolongosoka umamutulutsa m'chipinda pa nthawi imeneyo. Ndipo werengani bwino za umwini wa mapulani, chifukwa ena amalemba kuti chilichonse chotumizidwa chasanduka chawo, ngakhale cha amene wagwa. Onaninso opambana a zaka zitatu zapitazi: akuchokera kuti, ndipo zimene anajambula zinamangidwa? Okonza oona mtima amayankha mafunso otere mosanyinyirika.

Mayankho akakukhutiritsani, lowani, ndipo musayese kujambula ngati munthu wa ku London kuti muwasangalatse. Iwo aona kale zambiri zotero. Chimene inu mukudziwa ndipo ena sakudziwa ndi m'mene mvula ya Januwale imamenyera khoma, mtengo wa thumba la simenti likafika kumudzi, chifukwa chimene amayi amaphikira panja ngakhale nyumba ili ndi khitchini, ndi kuti njerwa zootcha zatimalizira mitengo. Zimenezo zionekere m'pulani ndi m'mawu ochepa ofotokozera. Jambulani bwino chithunzi chodula nyumba pakati, choonetsa m'mene mpweya ndi madzi ziyendere, chifukwa jaji wodziwa ntchito amathamangira pamenepo asanayang'ane zithunzi zokongoletsa.

Mayankho akakhala ozembazemba, kapena osabwera n'komwe, sungani madola anuwo. Mipikisano yaulere ya ophunzira ndi akatswiri achinyamata imalengezedwa chaka ndi chaka, ndipo a bungwe la Malawi Institute of Architects kapena aphunzitsi anu akale ndi anthu oyenera kuwafunsa za imene ili yodalirika. Ndalamayo mukhoza kulipira wojambula zithunzi waluso kuti akajambule ntchito yoyamba imene mwamanga, ngakhale itakhala kalasi imodzi kapena nyumba ya aphunzitsi, anthu ali momwemo akuigwiritsa ntchito. Mukatumiza maimelo aja, mundiuze zimene akuyankheni, tidzaziwerengere limodzi.